Hita ya ka MG pa Lusaka: mphepo izilowera pati?

Mwezi wa Juni chaka chatha ndinanyamuka m'mawa cha m'ma 6 ndi ka motoka kanga kachingelezi, ka MG Midget ka 1972, chisanu chija choumitsa zala pa chiwongolero, hita ndinaitsegula ndisanatuluke pa geti, nde nditafika pa jamu ya Great East Road chakufupi ndi Manda Hill minibasi yomwe inali kutsogolo kwanga inangoponda mafuta, utsi wakuda bii, ndipo utsi uja sunachedwe, unanditulukira kumapazi uli wofunda kale bwinobwino. Hita inalibe mlandu, inagwira ntchito yake. Mlandu uli pomwe imatapa mphepo.

Kwa amene simunatsegulepo boneti ya timotoka iti, pa Midget ndi mphasa yake Austin-Healey Sprite bokosi la hita la kampani ya Smiths limakhala kumbuyo kwa injini pafupi ndi batire, ndipo mphepo imafika m'bokosimo kudzera mu hozi yaikulu yamakwinya yoyambira kumphuno, pambali pa rediyeta. Ku Abingdon, ku England, komwe ankazipanga zinali zanzeru ndithu, motoka ikamathamanga mphepo imadzikankha yokha olo fani osayatsa. Koma ka motoka nkakafupi, mphuno yake imalunjikana ndi ekizozi ya Hiace ngati munthu wachita kuyeza ndi tepi. MGB, motoka ina ya MG yomwe inapangidwa kuyambira 1962 mpaka 1980, ndi yosiyana, iyo imatapa pa kagirilu konyezimira pansi pa galasi lakutsogolo, nde mavuto ake ndi ena, ndizitchula tikamapita.

Zomwe ndikuyezera

Kuno si ku England abale. Lusaka ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,300 pamwamba pa nyanja, nde chisanu chilipo inde koma cha Juni ndi Julayi, m'mawa ndi usiku basi. Miyezi ina yonse njira yomweyo ya mphepo ikulowetsa zina zomwe simunaitanitse. Ndiye ine ndikamayerekeza njira zisanu zili m'munsimu sindiyamba ndi funso loti ikutentha bwanji.

Ndimayamba ndi chomwe mukupuma. Utsi wa dizilo umanunkha, mumadziwa kuti walowa, koma carbon monoxide, mpweya wapoizoni wa mu utsi wa injini, alibe fungo olo mtundu, mumangomva mutu kuwawa, chizungulire, tulo tosadziwika bwino. Kenako galasi, chifukwa mvula ikayamba mu Novembala mpaka cha mu Malichi mwatseka denga la tenti ndi mawindo, anthu awiri akupuma m'kachipinda kakang'ono, galasi limachita nthunzi mphindi zochepa chabe ndipo chimene chimalipukuta ndi mphepo yomweyo ya hita. Chachitatu fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala ndi madzi a mvula. Chomaliza, chomwe ambiri amaiwala ali ndi girayinda m'manja, kodi mukasintha maganizo mungabweze momwe zinalili? Motoka izi zatsala zochepa m'dziko muno ndipo ogula amasuzumira paliponse pomwe padulidwa.

Musanagule kanthu onani zitatu izi kaye, mwina vuto si hozi nkomwe. Thermostat, kavalavu kosunga madzi mu injini mpaka atenthe, ilimo? Amakaniko ambiri kuno amaichotsa ati injini isamatenthe, nde madzi safika pa 82 digiri, hita ingokupatsani mphepo yofunda ngati tiyi wa dzulo. Kampopi ka madzi a hita kakutseguka? Pa Midget ya injini ya 1275 ngati yanga kali kumbuyo kwa hedi, mumachita kutsika nkutsegula boneti nkukapotokola ndi dzanja, ndipo pa MGB valavu yake ili pamwamba pa distributor, chida chogawa moto ku mapulagi, ikayamba kudontha injini imayamba kudumphadumpha inu nkumatukwana mapulagi. Ndipo tengani tochi usiku, muiike mu boneti, mulowe m'kati mugone chagada kumapazi muyang'ane firewall, chitsulo chija cholekanitsa injini ndi anthu. Pa yanga ndinaona kuwala malo asanu ndi limodzi pomwe timalabala tinauma nkugwa. Mabowo amenewo akapanda kutsekedwa njira iliyonse m'munsimu ndi kutaya ndalama.

Njira yoyamba: kusiya momwe anapangira, kungokonza

Apa mukugula hozi yatsopano, makilampu, nkusintha siponji yotsekera m'mbali mwa bokosi, basi.

Mtengo: hozi yokha si yodula, chomwe chimaluma ndi kutumiza kuchokera ku UK ndi msonkho ikafika. Muitanitse pamodzi ndi zina zomwe mukufuna kale, osati yokhayokha.

Kapezekedwe: Moss Europe ndi Rimmer Bros amagulitsa zida za motoka zachingelezi izi, ku Johannesburg kulinso ogulitsa za MG. M'mashopu a m'tauni yeniyeniyo simuipeza koma hozi yamakwinya yolowetsa mphepo ya motoka zina imakwana mukayeza bwino pakamwa pa bokosi, yezani ndithu musangodalira maso chifukwa kukula kumasiyana ndi zaka. Hozi yopyapyala ya pulasitiki ija ya m'nyumba isiyeni, kutentha kwa mu boneti kumaifewetsa.

Kusamalira: kuyang'ana ming'alu kawiri pachaka. Yakale yanga nditaichotsa inali yong'ambika kunsi komwe diso silifika, ndipo m'kati makoswe anali atamangamo nyumba ya siponji ya mpando wanga womwe.

Zoopsa: utsi wa pa jamu ulipobe, fumbi lilipobe. Mwachotsa fungo la injini yanu yokha koma la Hiace ya mnzanu likulowa monga kale. Pa MGB kukonza kumatanthauza kutsuka chibokosi cha pansi pa kagirilu ndi kapaipi kake kotulutsa madzi, kali ndi mlomo walabala kunsi womwe umatsekeka ndi matope. Kuno maluwa a jakaranda a mu Seputembala ndi Okutobala amagweramo, mvula yoyamba ikagwa amasanduka phala, madzi nkumaima momwemo mpaka kapeti inyowe ndi dzimbiri liyambe pamalo povuta kuwotcherera kuposa pena paliponse.

Njira yachiwiri: hozi yomweyo koma ndi sefa, filita ndi kachitseko

Iyi ndiye ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi yomwe ndinasankha ndipo ndinalakwitsa kaye ndisanaipeze bwino. Pakamwa pa hozi kutsogolo mumamangapo sefa ya waya yotchinga masamba, ziwala ndi makoswe. Pakati pa hozi mumaika kabokosi kolowa filita. Ndiye kachitseko kotseka mphepo mukaona utsi ukubwera. Bokosi la Smiths lili nako kale kachitseko kake koyendera kebulo ya pa dashibodi, kungoti patapita zaka makumi asanu siponji yake inatha, mukatseka mphepo imangodutsa m'mbali, nde nthawi zambiri simufunika chatsopano, kungomata siponji ina nkuthira mafuta pa kebulo.

Kulakwitsa kwanga kunali pa filita. Ndinagula ya pepala ya Corolla, ndinaidula ndi sizasi kuti ikwane mu hozi momwemo, nditayatsa fani kumapazi kunali zii, olo pepala la lisiti silinagwedezeke. Ba mudala amene amandiwotcherera ku Kalingalinga anangoseka, ati "mwana wanga, fani iyi ndi nkhalamba ngati ine, waitseka mphuno ndi chala nde ukuti ipume." Zoona zake nzakuti fani yakale ya Smiths ilibe mphamvu yokoka mphepo kudutsa mu pepala lothinana laling'ono chonchija. Filita imafuna malo otakasuka, yonse osadula, m'kabokosi kakekake komwe hozi ikulowa mbali iyi nkutuluka mbali inayo. Anandipindira ka malata opyapyala kokhala ndi chivundikiro cha masikuluwu awiri, ndipo mphepo inabwerera, osati yonse koma yokwanira.

Mtengo: wapakati. Filita ndi sefa nzotchipa, wowotcherera mumagwirizana naye. Chokweza mtengo ndi fani yowonjezera mukaifuna.

Kapezekedwe: zonse ndi za pompano, ndicho chokoma chake. Sankhani filita ya motoka yodzaza pamsewu, Corolla kapena Hilux, kuti zaka zisanu zikubwerazi musadzavutike kusaka. Ena amaika fani ya 12V ya m'maboti, yomwe imabwera ya mainchesi 3 kapena 4, pakati pa hozi, imakankha mphepo kwambiri kuposa ya Smiths koma imalira ngati chigayo chaching'ono.

Kusamalira: apa nde pali ntchito. Nyengo ya fumbi ine ndimaitulutsa mwezi uliwonse nkuigogoda pa tayala, mukaona chomwe chimatuluka mukabwera ku Leopards Hill kumene tara yathera mudzadabwa kuti kale zonsezo zimapita m'chifuwa. Ikanyowa ndi mvula pepala limatsekeka nkuyamba kununkha chinyontho, nde kabokosi kakhale pamwamba ndipo kunsi kwa hozi kubooleni kabowo kotulutsa madzi.

Zoopsa: chachikulu ndi kudzinamiza. Filita ya makala imachepetsa fungo koma carbon monoxide amadutsa bwinobwino, ndiye fungo likachepa musaganize kuti mwapulumuka, kachitseko ndiye chitetezo chenicheni pa jamu. China ndi magetsi. Motoka zambiri zachingelezi za 1967 isanafike zinali za positive earth, kutanthauza kuti mbali ya + ya batire ndiyo yomangidwa ku thupi la motoka, fani yamakono mukailumikiza mosaganiza imazungulira chobwerera nkumakoka mphepo kuchotsa m'kati. Ndipo ngati mudakali ndi dayinamo ya Lucas C40 yotchaja batire, imapereka ma amp 22 okha, usiku mvula ikugwa magetsi ali on, mawaipa ali on, fani yaikulu ili on, batire ikudyeka pang'onopang'ono. Ikirani fani yatsopanoyo fyuzi yake ndi rilee (kaswitchi kamagetsi konyamula mphamvu yambiri), musadutsitse pa switchi yakale.

Njira yachitatu: kutapa mphepo m'kati momwemo

Mumachotsa hozi yakutsogolo nkuilozetsa ku firewall kuti fani izikoka mphepo ya kumapazi a pasenja, kuitenthetsa nkuibweza. Ndi zomwe batani lija la motoka zamakono limachita.

Mtengo: wotsika ngati pali bowo lakale losagwira ntchito. Motoka zina zili ndi mbale yotsekera mbali yomwe kukanakhala mapedulo ikanakhala ya chiwongolero chakumanzere, mukamasula mbaleyo nkupanga ina yokhala ndi khosi la hozi simunadule thupi la motoka.

Kapezekedwe: wowotcherera aliyense wodekha angapange, tsiku limodzi.

Kusamalira: pafupifupi palibe, kungoika kasefa kuti fani isameze malisiti ndi mapepala a maswiti.

Zoopsa: kutentha kwake nde simungadandaule, m'mawa wa Julayi imafunditsa msanga kuposa njira zonse chifukwa ikutenthetsa mphepo yofunda kale, ndipo ya Hiace simuimva. Koma mvula ikabwera mwadzipachika. Chinyontho cha mpweya wanu ndi cha zovala zonyowa chikungozungulira momwemo, galasi limachita mbuu ndipo mukayatsa fani mukungowonjezera. Mnzanga wina wa ku Chelstone anachita zimenezi pa Sprite yake, Disembala yonse ankayendetsa dzanja limodzi lili ndi thaulo. Palinso china chobisika, mphepo yakunja ikamakankhidwira m'kati imathandiza kuti utsi usalowere m'ming'alu, ikasiya kulowa ka motoka ka denga la tenti kamayamba kuyamwa mphepo paliponse pomwe pali mpata, pa giya, pa firewall, kumbuyo ku buti, komwe kuli ekizozi yanu yomwe. Ngati manifodi, pomwe utsi umatulukira mu injini, kapena paipi ya ekizozi ikutayikira olo pang'ono njira iyi ndi yoipa kwambiri. Ndipo mu Okutobala singano ya kutentha kwa injini ikamakwera pa jamu ya Lumumba Road, chinyengo chija chotsegula hita kuti ithandize rediyeta chimagwira mochepa chifukwa mukuziziritsa madzi ndi mphepo yotentha kale, uku inu mukupsa.

Amene akufuna zonse ziwiri angaike kabokosi ka nthambi ziwiri kokhala ndi chitseko cha kebulo, nthambi ina yakunja ina yam'kati. Ndi yabwino koma malo mu boneti ya Midget ndi ochepa, ndipo chitseko chikapanda kutseka thi mwangotsegula njira ina ya utsi.

Njira yachinayi: kusamutsira pansi pa galasi

Uku ndikutengera nzeru ya MGB ndi motoka zamasiku ano. Pansi pa galasi lakutsogolo mphepo imaunjikana motoka ikamayenda nde imadzikankhira yokha m'bowo, ndipo pali pamwamba kuposa mphuno, kutali pang'ono ndi ekizozi ya motoka ili kutsogolo kwanu ndi madzi a m'zithaphwi.

Mtengo: wokwera kuposa zonse, kudula, kupanga chibokosi chokolola madzi, kuwotcherera, penti. Penti yofanana ndi yakale yomwe dzuwa la Lusaka laiwaula zaka zonsezi ndi nkhani inanso.

Kapezekedwe: palibe choti mugule mu shopu nkumangirira, zonse nzopanga ndi manja, nde zimadalira m'misiri. Wodziwa mageti ndi mabagla baa si yemweyo wodziwa chitsulo chopyapyala cha motoka, moto ukachuluka chimapindika osabwereranso.

Kusamalira: mwadzigulira matenda onse a MGB aja, masamba, kapaipi kotsekeka, dzimbiri.

Zoopsa: simungabweze. Komanso labala ya kumbuyo kwa boneti ikakhala yotha, mphepo yotentha ya injini imatulukira pompo pamene mwaika bowo lanu. Ndipo tinene zoona, pa ka motoka kafupi chonchi kukwera masentimita ochepa amenewo sikukuchotsani mu utsi wa thiraki ya pa Kafue Road, kumachepetsa chabe. Ine pa Midget yabwinobwino sindingalole girayinda ifike pamenepo.

Njira yachisanu: kutseka kapena kuchotseratu hita

Mtengo: pafupifupi ulele, mbale yotsekera bowo ndi zotsekera mapaipi a madzi.

Kapezekedwe: makaniko aliyense.

Kusamalira: palibe, mwachotsanso malo amodzi odontha madzi ndipo batire mumaifikira mosavuta. Bokosilo lisungeni pouma, musalipereke kwa a zitsulo zakale, wogula motoka adzalifunsa.

Zoopsa: galasi mulibe cholipukutira koma nsalu, ndipo rediyeta yaing'ono ya mu hita yothandiza pa jamu ija yapita. Bowo likatsekedwa mwachisawawa ndi katoni ndi tepi, lasanduka khomo la utsi lalikulu kuposa onse.

Pali "njira" ina yomwe ndimaiona kawirikawiri ndikasuzumira m'maboneti a anthu, hozi inang'ambika, mwini wake anangoizula nkutaya, bokosi likutapa mphepo ya mu injini momwemo. Ena amayamikira kuti ikutentha kwambiri. Eya ikutentha, chifukwa mukupuma nthunzi ya oyilo, petulo wa mu kabureta ndi chilichonse chotayikira pa manifodi. Imeneyo sindikuiwerengera nkomwe. Chimodzimodzi amene muli ndi Karmann Ghia kapena Porsche zakale zopanda rediyeta, zanu nzina, hita yanu imatenga kutentha pa ekizozi penipeni, nde chitsulo chija chikabooka utsi umabwera molunjika, musatengere za m'nkhani ino.

Nde iti ndi ya ndani

Ngati motoka yanu imatuluka Lamlungu lokha, kupita ku Chisamba kapena kutsikira ku Siavonga misewu ili pululu denga lili pansi, njira yoyamba yakukwanirani, onjezani kasefa ka makoswe chifukwa motoka yoima sabata yonse ndi imene amaikonda.

Ngati mumalowa nayo m'tauni masiku a ntchito, Cairo Road, Great East, Lumumba, kapena kwanu msewu ndi wafumbi, tengani yachiwiri, ndipo ndalama zikachepa yambani ndi kachitseko, filita ibwere pambuyo. Amene chifuwa chimavuta kapena mumanyamula mwana, iyi yomweyi, kuphatikiza ka alamu ka carbon monoxide koyendera mabatire, kamangireni pansi pa dashibodi.

Yachitatu payokha ndi ya munthu amene motoka yake imagona mu galaji nyengo yonse ya mvula, amangoifuna m'mawa wa chisanu, ndipo ekizozi yake yonse ndi yatsopano yosatayikira. Mukamayenda nayo chaka chonse pangani ya nthambi ziwiri ija kapena isiyeni.

Yachinayi ndi ya amene thupi la motoka lili kale pa mipando ya m'misiri, pansi pa galasi padyeka kale ndi dzimbiri ndipo padulidwabe, komanso simukuganiza zodzagulitsa kwa okonda zachikale. A MGB inu muli nayo kale, ingotsukani kapaipi kaja Okutobala asanathe, ndipo ikani sefa yopyapyala kunsi kwa kagirilu.

Yachisanu ndi ya motoka ya mpikisano kapena yomwe denga lake linatayika kalekale ndipo mvula ikagwa siituluka.

Yanga manje ili ndi hozi yatsopano, sefa kumphuno, kabokosi ka ba mudala ndi fani yomweyo ya Smiths nditaitsuka nkuthira mafuta. Ndikaona minibasi yayamba kutsokomola kutsogolo ndimatseka kachitseko, ndikadutsa Arcades msewu utatseguka ndimatsegulanso.